Katochi Kamene Ndinawasankhira Agogo Anu Aamuna

Madalo, Pempho, tazimitsani kaye kanemayo mubwere mukhale apa. Iwe Pempho, dzulo ndinakuona ukuseweretsa katochi ka agogo ako aamuna, n'kumawunikira mphaka wa eni ake m'maso. Usakwinye nkhope, sindikukukalipira. Ndikungofuna mudziwe kumene kanachokera, chifukwa amene anakasankha m'sitolo ndine, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhazikike ngati ndinachita bwino kapena ayi. Muziyankha m'Chingerezi chanucho ngati mukufuna, ine ndinazolowera, bola makutu akhale kuno.

Inutu munabadwira m'kuwala. Mukangodina pakhoma, nyumba yonse ngwee. Ife kwathu ku Dedza tinakulira pa koloboyi. Koloboyi ndi kabotolo kothiramo palafini, chitsekerero chake n'kuchiboola, n'kupisamo kansanza ka bulangeti lotha. Kankafuka utsi moti ukamina m'mawa, zotuluka zinali zakuda bii. Usachite kunyansidwa choncho Madalo, amayi ako omwewo, a Tadala amene lero ndi nesi wamkulu ku Indianapolis, anawerengerapo mpaka sitandade faifi.

Tochi ndiye inali chuma cha anthu owerengeka. Agogo anu aamuna ali mnyamata, atangoyamba uphunzitsi, anali nayo yachitsulo, yaitali ngati mkono wa Pemphoyu, yodya mabatire atatu akuluakulu. Tsiku lodzandifunsira anabwera nayo m'manja, masana, dzuwa likuswa mtengo. Azichemwali anga anaseka mpaka kugwirana. Ine sindinaseke. Ndinaona kuti munthu amene wapukuta tochi mpaka kunyezimira chonchi, mkazinso akhoza kumusamala.

Batire masiku amenewo silinkatayidwa chisawawa ngati mmene mumachitira inu. Likafooka tinkaliyanika padzuwa pamwamba pa lata, madzulo n'kulibwezera, n'kugwiranso ntchito masiku awiri. Ena ankaliluma m'mbali, akuti mphamvu yobisala ituluke. Likaferatu, aphunzitsi ankaliswa n'kutenga makala a m'kati mwake kudetsera bolodi ya kusukulu. Koma lamulo lalikulu linali ili, ndipo mulimvetse bwino: ukatha kuwunikira, umatsegula tochi n'kutembenuza batire limodzi, mutu kuloza kumbuyo, kuti moto usamathawe pawokha. Ukafuna kuyatsa, umalitembenuzanso. Agogo anu ankachita zimenezi osayang'ana n'komwe, zala zokha zikudziwa.

Luso limeneli anaphunzitsana ndi mnzawo wa pamtima, a Jere. Awiriwa anayamba uphunzitsi pa sukulu imodzi, nyumba imodzi, wailesi imodzi, mabatire n'kumabwerekana. A Jere anali munthu wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Ndiwo anaperekeza agogo anu pa ukwati wathu, atavala jekete lobwereka lofika m'mawondo.

Zaka zinapita, tinakalamba, agogo anu anapuma pa ntchito. Kenako amayi anu anatiitana kuno, iwe Madalo utangoyamba sukulu, Pempho ali m'mimba. Tinafikira m'nyumba ino ya ku Beech Grove. Ine sindikhalitsa pansi, mumandidziwa. Ndinapeza ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, nkhalamba kusamala nkhalamba zinzake. Agogo anu ntchito sanapeze, ndipo miyezi yoyamba ankangokhala pawindo kuwerenga magalimoto odutsa. Zinkandimvetsa chisoni. Munthu amene kwathu ana asukulu ankaimirira akamalowa, kuno ngakhale galu wa aneba sankamudziwa.

Chimene chinawadzutsa ndi kuwerenga. Amalawi akuno akakumana pa mapemphero, pa chinkhoswe, pa zovuta, pankafunika munthu wowerenga Chichewa momveka, wodziwa popumira, osati ana a masiku ano amene amawerenga ngati akuthamangitsidwa. Anthu anayamba kunena kuti, "Aitaneni aphunzitsi." Ankaimirira kutsogolo, jekete atamanga mabatani onse, n'kutsokomola kamodzi, holo yonse zii. Anakhalanso munthu. Mwayi wina unali wakuti a Jere nawonso anali atabwera kwa mwana wawo ku South Bend. Lamlungu lililonse madzulo ankaimbirana foni, n'kumakangana za mpira wa zaka makumi anayi zapitazo.

Ine ndinayamba kuona zachilendo Pempho atayamba kukwawa. Kalata ikabwera, agogo anu ankapita nayo pawindo. Tsiku lina anathira tiyi pambali pa kapu. Kutchalitchi ndinasuzumira m'buku lawo la nyimbo, ndinapeza atsegula tsamba lina, nyimbo akuimba ina, ya pamtima. Nditawafunsa kunyumba anati, "Maso anga ali bwinobwino, aNambewe. Magetsi akuno ndiwo achikasu."

Ndinati, "Bambo a Tadala, tiyeni kwa dokotala wa maso. Mwana wathu ndi nesi, angotipezera tsiku."

Anasisita bondo. Kenako anayankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo. Anati, "Akakanena kuti ndikuchita khungu, anthu amva. Akamva asiya kundiitana, mwaulemu, pondimvera chisoni. Ndiye kuno nditsala ndani? Chonde musamuuze Tadala. Pakakhala powala bwino ndimaona."

Ana inu, ine ndine wolongolola, koma tsiku limenelo sindinalimbane nawo. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinavomera.

Agogo anu anayamba atenga tochi yaikulu ya m'galaja ya bambo anu, yachikasu ija, n'kuyesa kuiika m'thumba la jekete. Jekete linapendekera mbali imodzi ngati abamo papaya. Ya pafoni anaikana, anati imawalitsa chipinda chonse, aliyense n'kutembenuka. Ankafuna chinthu chowunikira mzere umodzi wokha pa pepala, anthu osadziwa.

Nzeru inandibwerera kuntchito. Manesi akumeneko amayenda ndi katochi kowonda ngati bolopeni, kowunikira odwala m'maso ndi kukhosi. Mnzanga wina, mayi wa ku Mzimba amene tinkagwira shifiti imodzi, anandipatsa kake kuti ndikaone. Kanali kapulasitiki, komatiratu, kosatsegula. Anati kakatha moto umangokataya. Ndinadziwiratu kuti agogo anu sangakhulupirire chinthu chimene sangachitsegule m'mimba.

Loweruka lina ndinapita ndekha ku sitolo ya zida ija ili pafupi ndi pokwerera basi. Ndinati ndikukashopa za m'nyumba. Wogulitsa anali mzimayi wachizungu wa msinkhu wanga, magalasi atapachika pa chingwe. Ndinamuvutitsatu mayi ameneyo, mwina ola lathunthu. Chingerezi changa mumachiseka inu, koma iye anandimva.

Anayamba kundionetsa kakafupi kokongola, ka mabatire aphwatalala ngati mabatani a malaya. Ndinakana. Pempho nthawi imeneyo chilichonse chimene wapeza pansi chinkapita m'kamwa, ndipo kuntchito anatichenjeza kuti mwana akameza kabatire kotero ndi ngozi yaikulu. Komanso zala za nkhalamba zingatole bwanji kanthu kotero? Anatulutsa kena kochaja ndi chingwe ngati foni. Kabwino ndithu, koma agogo anu foni yawo yomwe amaikumbukira kuichaja itafa kale. Kachitatu kanali kowala moopsa. Nditakayesa pa lisiti, pepala linandithobwa m'maso, zilembo osaoneka. Ndinati, "Mayi, sindikufuna kusaka nako akalulu. Ndikufuna kowerengera."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundifunsa kuti, "N'ka amuna anu?" Ndinagwedeza mutu. Sanafunsenso zambiri. Anapita kumapeto kwa shelefu n'kubwera ndi kachitsulo kakuda, kowonda, kokhala ndi kopanira pathumba, kodina kumutu ngati bolopeni. Kuwala kwake kunali kofatsa, kongokwana chikhatho. Kankadya mabatire awiri ang'onoang'ono aja olembedwa ma A atatu, amene umawapeza paliponse, ngakhale pothirira mafuta galimoto. Anandilangizanso kuti ndisaikemo mabatire wamba, chifukwa akakhalitsa amatuluka ufa woyera umene umadya chitsulo, komanso m'chisanu chakuno amafooka msanga. Anati nditenge a lifiyamu, opepuka, osadontha, koma ndidziwe kuti akamatha sachenjeza, amangozima, choncho ndizikhala ndi ena apadera. Kuyambira tsiku limenelo mabatire awiri sanachoke m'chikwama changa.

Nditafika nako kunyumba ndinawaikira agogo anu m'thumba la malaya, pakati pa mabolopeni awo awiri. Anadziyang'ana pagalasi. Sukanasiyanitsa. Anakatulutsa, anakagwira ngati akulozera mzere ndi cholembera, anadina, n'kuwerenga kalata ya ku banki yonse osaphonya. Anamwetulira ngati mwana. Koma atamaliza ndinaona akupotokola kumutu kwake.

Ndinati, "Mukutani?"

Anati, "Ndikutembenuza batire."

Ndinati, "Bambo a Tadala, zimenezo zinatsala ku Dedza. Aka sikathawitsa moto, mayi wa kusitolo wanena."

Anati, "Ndamva, aNambewe." Inu mukawamva agogo anu akuti ndamva, dziwani kuti sanamve.

Katochi kaja kanagwira ntchito yake bwino, bwino mopitirira. Chaka chathunthu ndi miyezi agogo anu anawerenga pa zinkhoswe ziwiri, pa mapemphero osawerengeka, pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, popanda munthu wodziwa. Ena ankati aphunzitsi ali ndi sitayilo, amalozera ndi cholembera chowala. Asanaitanidwe kutsogolo ankayamba alowa ku bafa n'kukabwezera batire lija m'malo mwake. Ine ndinkakhala kumbuyo n'kumanyadira nzeru zanga. Amayi anu ankachoka m'mawa n'kubwera atatopa, sanaone kanthu. Ndikaona agogo anu akupapasa chitseko ndi dzanja, ndinkayang'ana kumbali.

Ndiye m'nyengo yachisanu, mwana wa a Jere anaimba foni. Bambo ake anagwa m'bafa m'mawa, pofika kuchipatala anali atapita. Agogo anu anangokhala pampando, foni ili m'manja, osalira. Tsiku lotsatira mayi Jere anaimba okha. Anati thupi lipita kumudzi, koma lisananyamuke pakhala mwambo wotsanzikana ku South Bend, ndipo mbiri ya malemu palibe wina angawerenge koma alamu awo, aphunzitsi. Mwina simudziwa, kwathu pa maliro pamaimirira munthu mmodzi kuwerenga moyo wonse wa womwalirayo, kumene anabadwira, kumene anagwira ntchito, ana ndi zidzukulu zimene wasiya, mayina onse osadumpha ngakhale limodzi. Ukadumpha dzina, banja limakumbukira mpaka kalekale.

Mwana wa a Jere anatumiza mbiriyo, masamba awiri a zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Ndinati timuuze Tadala aipulinte ndi zilembo zazikulu. Agogo anu anakana, anati Tadala afunsa chifukwa chake. Masiku atatu anakhala patebulo ndi katochi kawo, kubwereza, kubwereza. Zakale ankazidziwa pamtima, poti analipo. Koma zidzukulu khumi ndi zinayi, ena mayina achizungu, zimenezo zinkafuna maso.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, amayi anu akudiraiva, inu tinakusiyani ndi bambo anu. Ulendo wa ku South Bend ndi maola atatu a msewu wowongoka, minda ya chimanga yopanda kanthu mbali zonse, yoyera ndi chipale. Kwathu ulendo wotero pa basi unkakhala ndi chimanga chootcha pawindo, mbatata, nkhuku pansi pa mpando, wina akulalikira. Kuno umangomva matayala. Agogo anu anakhala kutsogolo, dzanja lili pathumba la malaya njira yonse.

Mwambo unali masana, m'chipinda chapansi pa tchalitchi china, chopanda mawindo, magetsi ake ofooka. Anthu anadzaza, a ku South Bend, a ku Indianapolis, ena ochokera ku Chicago pa sitima. Titangolowa, mayi Jere anawagwira agogo anu dzanja n'kuyamba kulira, osawasiya. Azibambo anawakhazika kutsogolo pafupi ndi bokosi. Mpata wopita ku bafa sunapezeke, ndipo ndikhulupirira kuti ndi chisoni chija anaiwala n'komwe. Ine ndinali mbali ya azimayi, mtima uli m'malo, poganiza kuti pa tsiku ngati limeneli sangayerekeze kutembenuza batire. Kumeneko ndiye kusawadziwa amuna anga. Anali atalitembenuza m'mawa, poopa kuti pa ulendo wautali m'chisanu moto ungathawe, mnzawo n'kutsala wopanda womuwerengera.

Atatha nyimbo yachiwiri, woyendetsa mwambo anati, "Tsopano timve mbiri ya malemu kuchokera kwa aphunzitsi." Anaimirira, anamanga mabatani, anatambasula pepala, anatsokomola kamodzi. Anatulutsa katochi n'kudina. Palibe. Anadinanso. Ndinaona nkhope yawo ikukumbukira. Anayamba kupotokola kumutu kwake, pepala atapanira m'khwapa. Mabatire akale aja anali odzaza dzanja, ukanawatembenuza uli m'tulo. Awa ndi tinthu tochepa ngati chala cha mwana. Onse awiri anapulumuka, anagwa pa simenti, n'kugubuduka kulowa pansi pa mipando. M'chipinda monse munali zii, moti tonse tinawamva akugubuduka mpaka kukaima.

Ndinapisa dzanja m'chikwama, ndinagwira mabatire apadera aja, n'kuimirira. Koma mipando inali yothinana, azimayi atakhala mpaka pansi, ndipo ndisanafike pakati agogo anu anayankhula.

Anati, "Abale, pepani. Pepala ili sindikuliona. Papita chaka ndi miyezi ndikukunamizani. Mnzangayu sindinamunamizepo kanthu moyo wake wonse kupatula ichi, ndiye sindifuna kupitiriza pamaso pake."

Ndinamva amayi anu kumbuyo kwanga akukoka mpweya. Ndinabweza mabatire aja m'chikwama, ndinadutsa pakati pa anthu, n'kukaima pambali pa amuna anga, kutsogolo kumene azimayi sitiima pa maliro. Ndinawalanda pepala. Ndinati chapansipansi, "Ine ndiziwerenga motsitsa, inu muzinena."

Tinatero. Ine mzere umodzi monong'ona, iwo n'kuubwereza ndi mawu awo aja a m'kalasi. Pofika pa za sukulu yoyamba ija anandisiya, anawonjezera zawo, za wailesi imodzi ndi jekete lobwereka, anthu anaseka akulira. Kenako tinalowa m'mayina. Ana asanu, zidzukulu khumi ndi zinayi, mmodzimmodzi, ndipo sitinadumphe ngakhale mmodzi. Titamaliza, mayi Jere anadzuka n'kudzatigwira manja tonse awiri. Anati, "Alamu, mwamuperekeza mnzanu."

Pobwerera amayi anu anadiraiva mpaka tinadutsa theka la njira. Anaima pothirira mafuta, anazimitsa galimoto, n'kutembenukira kwa ine, osati kwa bambo ake. Anati, "Amayi, inu mumadziwa?" Ndinati eya. Anati, "Chaka chonse? Ine ndimayeza anthu achilendo tsiku ndi tsiku, bambo anga akuchita khungu m'nyumba mwanga?" Analira atagwira chiwongolero. Sindinadziteteze, panalibe podzitetezera.

Sabata yomweyo anatipezera dokotala wa maso m'tauni ya Indianapolis. Anawayeza ndi makina osiyanasiyana, kenako anatikhazika pansi. Anati ndi matenda amene madzi a m'diso amapanikiza mtsempha pang'onopang'ono, osapweteka, ndipo chimene chafa sichidzukanso. Diso lamanja anati likhoza kutetezeka ndi mankhwala odonthezera tsiku lililonse. Lamanzere linali litapita. Ine ndi pakamwa pangapa ndinafunsa kuti, tikanabwera chaka chatha bwanji? Dokotala anayang'ana amayi anu, kenako anayang'ana ine, n'kunena mofatsa kuti mwina akanapulumutsa onse awiri.

Amayi anu anabwerera ku ntchito, ife tinakwera basi. Ndinalira m'basimo ngati mwana, azungu akundiyang'ana, ine osasamala. Ndinati, "Bambo a Tadala, diso lanu ndadya ndine. Ndikanagula katochi koipa, bwenzi mutagwidwa kalekale. Ndinachita kusankha kabwino."

Anandigwira dzanja. Anati, "ANambewe, ndinakupemphani ndine. Mukanakana, kwa dokotala sindikanapitabe. Ndikanangodzitsekera m'nyumba, inu mukundidziwa." Ndinati zimenezo mukungonditonthoza. Anati, "Eya, ndikukutonthozani. Komanso ndi zoona."

Kaya ndi zoona, kaya ayi, ine sindidziwa. Anthu sanasiye kuwaitana, mwaona nokha, masiku ano amawapulintira zilembo zazikulu ngati za pa chikwangwani, iwo n'kumawunikira poyera, osabisa. Chimene ankaopa chija sichinachitike n'komwe, ndipo pamenepo ndi pamene pamandiwawa kwambiri.

Ndiye ana inu, mukamawapatsa chinthu agogo anu, muzichokera mbali ya kumanja, ndipo mukaona wina m'nyumba muno akubisa matenda, kaya ndi ine, mukanene kwa amayi anu ngakhale nditakupemphani motani. M'mawa uliwonse ndimawakhazika pampando uwo n'kuwadonthezera mankhwala m'diso lamanja. Ndikatha ndimapukuta ndi kansalu. Lamanzerelo silifuna kanthu, dokotala ananena, koma ndimalipukutanso.